Nsomba za a Nduna Zitakana Kufa

Chitinicho chinali chachikasu, chachitali ngati kapu ya tiyi, ndipo pambali pake anajambulapo nsomba yofiira ikumwetulira. Ife a kunyanja timadziwa kuti nsomba simwetulira, koma ya pachitiniyo inkamwetulira ndithu. Ukatsegula chivindikiro munkatuluka fungo la usipa wakale wosakanikirana ndi la kuchipatala, ndipo m'katimo munali tinthu topyapyala ngati makoko a anyezi, tina tofiira, tina tobiriwira. Ndinalawako tsiku loyamba lomwelo. Sindinama, tinali tokoma kuposa nyemba zofumbwa zomwe ankatiphikira kusukulu.

Chitinicho chinabwera ndi thanki ya galasi, ndipo thankiyo inabwera ndi a Nduna. Anadzatsegula chipinda cha sayansi pasekondale yathu, kufupi ndi Chilumba, ndipo atamaliza kuyankhula anavundukula nsalu, tonse n'kuona nsomba zikuyandama m'madzi oyera. Zinali zofiira ngati papaya wakupsa, zamimba zotupa, michira yake yaitali ngati nsalu ya mkwatibwi. Anati ndi mphatso yawo kuti ana a kuno aphunzire kusunga nsomba, ndipo adzabweranso mpunga ukakololedwa kudzaona mmene zakulira. Dzina lawo analilemba pa kachitsulo kowala n'kukakhomera pakhoma pamwamba pa thankiyo. Amalume, omwe anali msodzi wa ku Sangilo komanso woyimba ng'oma pamisonkhano ya chipani, anawomba m'manja kuposa aliyense. Titafika kunyumba anatseka chitseko kaye, kenaka n'kuseka mpaka kutsokomola. Munthu kunyamula nsomba pagalimoto kuchokera ku Blantyre, kubwera nazo kwa ife! Amayi anangowauza kuti atsitse mawu. Masiku amenewo kuseka kunali ndi malo ake.

Ntchito yodyetsa nsombazo inandipeza ngati chilango. Ndinali Fomu 2, ndipo ndinali nditaika nkhanu yamoyo m'bokosi la choko la a hedi. Inawagwira chala pamaso pa kalasi yonse, ndipo mawu omwe anatuluka pakamwa pawo sanali a munthu wophunzira. Ankafuna kundichotsa sukulu, koma aphunzitsi a sayansi anandipempherera. Anati mwana wodziwa komwe nkhanu zimagona angadziwenso kutunga madzi a nsomba. Kuyambira tsiku limenelo aphunzitsiwo anayamba kunditchula kuti Nkhanu, ndipo dzinalo linandikanirira mpaka ndinakwatira.

Aphunzitsiwo anali a ku Dedza, owonda, a magalasi omangidwa ndi ulusi mbali imodzi. Nyanja ankaiopa ngati moto. Chichewa chawo chinali choyera, chosapindika ngati chathu, ndipo tikayamba kuwanena m'Chitumbuka ankangomwetulira n'kunena kuti akumva zonse, pamene sankamva kanthu. Makiyi a chipinda cha sayansi ankawasunga iwowo. Anandiphunzitsa kutsina chakudyacho ndi zala ziwiri zokha, m'mawa ndi masana, ndipo ankaima pambali panga kuonetsetsa kuti chala chachitatu sichikuthandizira.

Ngakhale tinkatsina chotero, mvula yoyamba isanagwe pansi pa chitini panayamba kuonekera. A hedi anatuma dalaivala wa lole ina yopita ku Blantyre kuti akafunse. Anabwerako n'kunena kuti chitini chotero chimapezeka m'sitolo imodzi yokha, ndipo mtengo wake ungagule mbuzi yaikazi. Sukulu yathu inalibe ngakhale mbuzi yaimuna. A hedi anaitana aphunzitsi a sayansi mu ofesi, ine ndikusesa pakhonde ndi tsache lomwe silinkakhudza pansi, ndipo ndinamva akunena kuti nsomba za a Nduna zikafa, wosunga makiyi ndiye adzafotokoze.

Apa ndiye tinayamba kuyesa chilichonse. Tinathira madeya a chimanga, madzi anasanduka thobwa, nsomba zikupuma pamwamba ngati zikupempha thandizo. Ndinatunga madzi tsiku lonse mpaka mapewa kusupuka. Tinayesa deya la mpunga, zinalilavula. Tinapera usipa wouma pamwala, zinadya ndithu, koma pofika tsiku lachitatu chipinda chonse chinkanunkha ngati doko, ndipo ine ndinathandizira fungolo pobisa wina m'desiki la mkulu wa ophunzira. Dzira lowiritsa zinalikonda, koma nyengo imeneyo anyamata a chipani ankayenda khomo ndi khomo kusonkhetsa mazira a mphatso ya mwini dziko, ndiye kupezeka ukudyetsa nsomba dzira kukanakhala mlandu wina. Inswa zinatuluka masiku ochepa n'kutha. Imodzi mwa nsombazo inatupa, inatembenuka chagada, n'kufa. Aphunzitsi sanaitaye. Anaiika m'botolo la mankhwala n'kuliika pashelefu, kuti a Nduna akadzafunsa adzaone okha kuti sinadyedwe.

Zimene zinatipulumutsa zinachokera pakati pa nyanja. Mwezi ukakhala mumdima nyengo ya mvula, nkhungu zimatuluka m'madzi, tizilombo touluka tochuluka ngati mchenga, n'kuima m'mwamba ngati utsi wa mudzi womwe ukupsa. Aphunzitsi ataziona koyamba anafunsa ngati sitima yapsa. Asodzi amaziopa, poti zikakupeza uli m'bwato zimakulowa m'mphuno ndi m'kamwa mpaka mpweya kutha, ndipo amalume ankati ukaziona zikubwera uzigona chafufumimba n'kudzifunda malaya. Koma mphepo ikazikankhira kumtunda, amayi ndi anzawo ankathamanga ndi malichero onyowa, kuwagwedeza m'mwamba mpaka ade bii, kenaka n'kuzikanda, kuzikulunga m'masamba a nthochi, kuziwiritsa n'kuziyanika. Zikauma zinkakhala zigumu zakuda, zolimba, zonunkhira nyanja.

Ndinali ndi chibenthu cha chigumu chotero m'thumba la kabudula, chakudya changa cha masana. Ndinafikisa pang'ono pamwamba pa madzi, kungofuna kuona ngati nsomba za ku Blantyre zingachite manyazi. Manyazi ake ati! Zinalimbirana ngati ana a sukulu pa mphika wa phala. Madzi sanade, fungo panalibe, ndipo pasanathe milungu yambiri mitundu yake inawala kuposa mmene zinabwerera. Aphunzitsi anandigwira dzanja ngati munthu wamkulu. Anati chakudya chomwe tinkachifuna ku Blantyre chinkatigwera m'maso chaulere. Amayi atamva anangoti bola zisamalize ndiwo za pakhomo.

Mpunga unali usanache pomwe wailesi inayankhula. Tinali pakhonde la sitolo ya pamsewu, anthu atazungulira wailesi monga mwa masiku onse, ndipo wowerenga nkhani anatchula dzina la a Nduna popanda ulemu uliwonse kutsogolo kwake. Anati achotsedwa m'chipani chifukwa cha kusakhulupirika, ndipo aliyense wodziwa komwe ali akanene. Anthu anangoyamba kuchoka mmodzimmodzi, aliyense ngati wakumbukira kuti wasiya mphika pamoto. Mwini sitolo anazimitsa wailesi n'kuyamba kupukuta kauntala yomwe inali yoyera kale.

M'mawa mwake pakhoma la chipinda cha sayansi panali mabowo a misomali okha. Chithunzi chomwe tinajambulitsa tsiku lotsegulira chinachoka mu ofesi ya a hedi. Munthu yemwe dzulo lake tinkamuyimbira nyimbo tsopano ankangotchedwa kuti uja, ndipo ena ankati wawoloka nyanja, ali ku Tanzania. Koma kachitsulo umazula, chithunzi umang'amba, nanga nsomba? Kuzipha kunali kuwononga katundu wa boma. Kuzidyetsa kunali kusamala mphatso ya chigawenga. A hedi anaganiza mozama, monga anthu ophunzira amachitira, ndipo anapeza nzeru: chipindacho chitsekedwe, akuti denga likudontha, ndipo nsombazo zife zokha ndi njala, pasapezeke wozipha kapena wozidyetsa. Makiyi anawasiyabe m'manja mwa aphunzitsi a sayansi. Lero ndimaona kuti a hediwo sanali opusa ngati mmene ndinkawaonera.

Ndinafunsa aphunzitsi kuti nanga nkhungu zomwe ndasunga ndizitani. Anayang'ana uku ndi uku, n'kunena motsitsa kuti, "Nkhanu, ine sindinakutume kanthu, ndipo sindikukuletsa kanthu. Sindikudziwa za nsomba." Ine ndinamva mbali yachiwiri yokhayo.

Zenera la kumbuyo kwa chipindacho linali la timagalasi topingasa, ndipo tiwiri ta m'munsi tinkasololoka ukatikankha bwino. Ndinali woonda ngati bango. Masana aliwonse, anzanga ali kumunda wa sukulu, ndinkapempha kupita kuchimbudzi, n'kulowa, kufikisa nkhungu, kuwonjezera madzi a m'botolo, n'kutuluka. Si kuti ndinkazimvera chisoni kwambiri nsombazo, ayi. Chomwe chinkandikoma chinali nkhope ya a hedi. M'mawa uliwonse ankadutsa pazenera la kutsogolo ngati akungoyenda, n'kusuzumira, kuyembekezera kuona mimba zoyera zitayandama. M'malo mwake ankaona nsomba zonenepa zikuwagwedezera michira. Ankavula chipewa, kupukuta thukuta, n'kubwerera mu ofesi akuyankhula okha. Ine ndinkaluma kolala ya malaya kuti ndisaphulike. Mpaka lero, ndili ndi imvi zanga, ndikaikumbukira nkhope imeneyo ndimaseka ndekha m'minibasi.

Mwezi unatha, wina n'kuyamba, nsomba osafa. Madzi anabiriwira, ndipo m'kati mwa kubiriwirako zinkaoneka ngati makala a moto akuyenda. Nkhani inatuluka pasukulu n'kufika kumsika. Ena ankati nsombazo n'zokhwimira, sizidya. Ena ankati uja amawoloka pabwato kudzazidyetsa yekha. Koma anthu ambiri, omwe sankakhulupirira zamatsenga, ankangofunsa funso limodzi lofatsa: kodi makiyi amasunga ndani? Aphunzitsi a sayansi akalowa m'chipinda cha aphunzitsi, anzawo ankapeza chochita panja. Mayi wogulitsa tomato anasiya kuwapatsa basela. Anyamata awiri a chipani a malaya ofiira anayamba kukhala pansi pa mtengo wa mango moyang'anizana ndi nyumba yawo, osachita kanthu, kungosenda nzimbe. Ndinkawaona, koma ndinkati akudikira atsikana a Fomu 4.

Tsiku lina amayi anapeza nyenyeswa zakuda m'thumba la kabudula wanga pochapa. Sanandifunse. Anangochotsa zigumu zonse padenga la khitchini n'kukazibisa, ndipo anandiuza kuti mwana wa mkazi wamasiye sasewera pomwe pali njovu. Ndinayamba kuba za kwa aneba.

Kenaka kunabwera uthenga woti tcheyamani wa achinyamata a chipani m'dera lathu abwera ndi gulu lake Loweruka kudzaona chipinda chodonthacho. Aliyense anamva tanthauzo lake. Monga mwa mwambo, alendo a chipani sankayamba ntchito asanadye, ndiye amayi ndi azimayi ena anauzidwa kuti adzaphike, amalume anauzidwa kuti apereke utaka. Madzulo a Lachisanu ndinakumana ndi aphunzitsi panjira ya kuchitsime. Anali atameta bwino, atavala malaya awo a kutchalitchi pakati pa sabata. Anandifunsa ngati ndamaliza ntchito ya masamu, n'kupitirira.

Apo m'pamene ndinaona kuti nthabwala yanga yakula kuposa a hedi, ndipo nthabwala ikakula imafuna inzake yoiposa. Loweruka m'mawa amalume anandipatsa dengu la utaka kuti ndikapereke kukhitchini ya sukulu. Ndinadzera kuzenera langa. Nsombazo zinkandidziwa, zinabwera zokha kudzanja, ndipo ndinaziwola ndi kansalu mosavuta. Kuseri kwa chimbudzi ndinazipala mamba mpaka kufiira konse kutatha, ndinadula michira ya ukwati ija, ndinatumbula, n'kuzisakaniza ndi utaka. Mamba ndi michira ndinaponya m'dzenje. Ya m'botolo ija ndinaisiya pashelefu, poti inali itafa mwalamulo.

Mkazi wa kunyanja sungamunamize ndi nsomba. Amayi atangotsanulira dengu m'beseni anatola imodzi, kuitembenuza, kuyang'ana mutu wake wobulungira, kenaka kundiyang'ana ine. Ndinkadikira khofi. M'malo mwake anauza mnzawo kuti akatunge madzi, ndipo atatsala okha anazipatula zonse, kuzikazinga mpaka kuuma, n'kuthira tomato wambiri ndi tsabola. Pogawa, anaziika m'mbale yamaluwa, ija ya mlendo wamkulu.

Tcheyamaniyo anali munthu wamfupi, wa khosi lonenepa, woyenda ndi kandodo kakuda. Anakhala pamthunzi pakati pa anyamata ake, a hedi ali chilili pambali ngati wantchito. Ine ndinapempha kuti ndikhale wothira madzi osamba m'manja, kuti ndionere pafupi. Anadya. Anatafuna mpaka mitu. Anapatsako wachiwiri wake imodzi, n'kunena kuti utaka wa ku Sangilo chaka chino wanona, uli ndi mafuta ngati wa m'sitolo. Ananyambita zala chimodzichimodzi. Ndathira anthu ambiri madzi m'moyo wanga, koma sindinathirepo mosangalala ngati tsiku limenelo.

Atakhuta anaitanitsa makiyi. Aphunzitsi anatsegula chitseko, tonse tikusuzumira m'mazenera. Fungo la chipinda chotsekedwa linatuluka. Tcheyamani analowetsa kandodo kake m'madzi obiriwira aja, kuvundula, kuvundulanso. Munalibe kanthu. Aphunzitsi anavula magalasi, kuwapukuta, kuvalanso. Kenaka tcheyamani anatembenuka pang'onopang'ono n'kufunsa kuti nsomba za chigawenga azitumiza kuti, ndipo ndani wazinyamula. Mawu ake anali ofatsa kwambiri.

Amalume anali pakhomo ndi ng'oma yawo kukhwapa. Amayi ayenera kuti anali atawanong'oneza kale. Iwo ndi tcheyamaniyo anakulira limodzi, ankawedza pabwato limodzi asanapeze malaya ofiira. Anamuyandikira ngati akufuna kumuchotsa kachitsotso paphewa, ndipo ine, amene ndinali pansi pa zenera, ndinamva akunena m'chinenero chathu kuti, "Somba izo mukupenja, mwarya kale." Nsomba zomwe ankazifunazo zinali m'mimba mwake.

Ndinaona khosi lija likusintha mtundu. Anayang'ana wachiwiri wake, yemwe anali akutokosa m'mano. Ndani akanapita ku boma kukanena kuti mphatso ya chigawenga yapezeka, ndipo aidya ndi tomato pamaso pa sukulu yonse, n'kuiyamikira? Anatsokomola, anamenya thanki ndi kandodo, n'kulengeza kuti m'chipindamo mulibe nsomba, simunakhalepo nsomba za phindu, ndipo anthu asiye mabodza osokoneza mtendere. Anauza a hedi kuti akonze denga. Pochoka sanadutse kukhitchini kukathokoza, ndipo mnzanga wina anamuona ataima kuseri kwa mpanda, atagwira mtengo, akuyesa kubweza zomwe anadya.

Ndinaseka njira yonse ya kunyumba. Ndinaseka mpaka amayi ananditsina khutu n'kunena kuti nkhani imeneyi ikadzatuluka pakamwa panga adzandikwirira okha. Amalume sanaseke. Anakhala pakhonde akusoka ukonde womwe sunali wong'ambika.

Anthu ena omwe ndawafotokozera nkhaniyi amafuna kuti ndigwetse nkhope pofika apa. Sindigwetsa. Nyengo yomweyo a boma anatenga kalaliki wa kuchipatala chifukwa a Nduna aja anabwera paukwati wake, anatenganso mkulu wina amene anangowabwereka njinga. Amenewo sanadyetse nsomba iliyonse. Tcheyamani anadya zomwe anadya, ndipo ndikanabadwanso ndikanamuthiranso madzi.

Galimoto inabwera patapita milungu ingapo, m'mawa, tikupita kukafola. Sinali ya anyamata a malaya ofiira. Munatuluka amuna awiri achilendo, a nsapato zopukutidwa bwino, oyankhula mwaulemu. Aphunzitsi anatuluka m'nyumba atanyamula bulangeti lopinda ndi kapu. Chiyambire Loweruka lija anali akundizemba, ndipo ine ndinali ndisanapeze mpata wowauza kuti zonse zija ndinachita ndine. Ndinaganiza kuti awasamutsira kusukulu ina, ndiye ndinathamanga kuti asapite osadziwa. Ndinafika pagalimoto ndikupuma mwamphamvu, mano onse pamtunda, n'kuyamba kuti, "Aphunzitsi, nsomba zija..."

Mmodzi wa alendowo anatembenuka n'kufunsa kuti mnyamatayu ndi ndani. Aphunzitsi sanandiyang'ane n'komwe. Anati, "Ndi chitsiru cha m'kalasi mwanga ichi, sichidziwa kusiyanitsa nsomba ndi chule. Choka apa, iwe." Sananditchule Nkhanu. Analowa kumbuyo, mlendo mmodzi mbali iyi wina mbali inayo, ndipo galimoto inalowera kumsewu waukulu.

Ndinaima pafumbipo makutu akutentha. Ine chitsiru? Ine amene ndinawapezera nkhungu, amene ndinadyetsa tcheyamani umboni wonse? Ndinalumbira kuti adzandiona. Masana omwewo ndinakwera kuphiri kukathyola chitedze, ndinapala ubweya wake mosamala ndi kamtengo, n'kuutsekera m'kabotolo kuti ndidzawaze pampando wawo tsiku lomwe adzabwere kudzatenga mabuku ndi mbale zawo. Lolemba lililonse ndinkapita nako kusukulu. Kunabwera mphunzitsi wina, m'nyumba muja munalowa banja lina, mabuku aja ana anayamba kukulungira mtedza. Ine ndinkangogwedeza kabotolo kanga m'thumba, n'kumadabwa kuti munthu wosamala zinthu chotere angaiwale bwanji kubwera kudzatenga katundu wake.